Mboni za Galasi

Gura Rece, 16 Novembala 1997

Wokondedwa mkazanga Profira,

Choyamba ndifunse moyo. Uli bwanji kumeneko pamodzi ndi amayi? Bondo lawo lija likuti bwanji ndi kuzizira kwayambaku? Ine ndili bwino, kungoti milomo yang'ambika ndi mphepo ya kuno, ndiye ndikafuna kuseka ndimayamba ndaganiza kaye.

Ntchito ya macheka imene anandilonjeza mlamu wako ija ndinapeza atampatsa wina. Usamuuze, angayambe kupepesa mpaka Pasaka. Ndalowa ya njanji. Kampani ya matabwa ya kuno ili ndi kanjanji kake kochokera ku Valea Seaca, ndipo kamanyamula mitengo ndi anthu omwe. Pofika kuno kamaboola phiri. Mphanga imene sitima imadutsamoyo ndi yakalekale, ya miyala yosema, ndipo ine ndi mdala wina dzina lake Onofrei ndife oyenda m'mphangamo. M'mawa uliwonse sitima isanabwere timalowa ndi nyali, n'kukatulukira mbali inayo, n'kubwerera.

Madzi a m'phiri amadontha kudenga, ndiye akaundana amalendewera ngati mano a nkhumba. Timawathothola ndi mtengo wautali wachitsulo kunsonga, kuti angaswe galasi la woyendetsa sitima. Tikatero ine ndimagogoda khoma ndi hamala. Likalira kuti ngwe, lili bwino. Likalira ngati mgolo wopanda vinyo, ndiye kuti kuseri kwake kuli mphako, ndipo ndimalembapo ndi choko. Pamenepa sindinavute kuphunzira, paja ukudziwa kuti mgolo wopanda kanthu ndimaumva ndili kumsewu.

Chimene chinandiseketsa ndi ichi. Pamene pali mng'alu timamatapo kagalasi kopyapyala, kotalika ngati chala, kopingasa pamng'alupo, n'kulemba tsiku pambali. Khoma likangosuntha pang'ono, kagalasiko kamasweka. Timagalasi timeneti kuno amatitcha mboni. Tsiku loyamba Onofrei atati, "Tiye, mlendo, mboni zikutidikira," ndinaima pomwepo. Ndinati kodi ndapalamula kale ndisanadye n'komwe?

Ndikugona m'kanyumba ka njanji pakhomo pa mphanga penipeni. Muli chitofu chabwino ndi bedi lachitsulo. Bedilo ndi hamala ndikugwiritsayi zinali za munthu wina dzina lake Gavril, ndipo mpini wa hamalayo unadyeka motsata zala zake, moti zanga zimangolowa m'malo mwa zake. Ndinafunsa kuti mwini wake ali kuti. Onofrei anati, "Anasiya ntchito," n'kuchita chizindikiro cha mtanda. Sindinafunse zambiri, ndine watsopano.

Mpesa uukwirire ndi dothi chisanu chisanalimbe, uyambire wa kumtunda uja. Nkhumba usagulitse. Neba Trifan akabwera n'kumati akufuna angolawa ngati vinyo wapsa, umuuze kuti kiyi ndinapita nayo. Unditumizire masokosi aubweya, akuno ndi odula ndipo ndi opyapyala ngati chikopa cha anyezi.

Ndine mwamuna wako,
Serafim


Gura Rece, 27 Disembala 1997

Profira wanga,

Ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino ndiponso kuti mwana wathu Anatol walemba kuchokera ku usilikali. Masokosi afika, ndavala onse awiri pamodzi. Ine ndili moyo, chifuwa chinandigwira koma chapita.

Kuno Khirisimasi adya kale, pa 25. Ine ndinali ndikusalabe nyama monga kwathu, kudikira 7 Januwale, ndiye Onofrei anandipeza ndikutafuna nyemba zopanda mafuta. Anati, "Inu a kutsidya kwa mtsinje wa Prut ndinu anthu amtundu wanji? Mwana wa Mulungu amene mumamuchedwetsa kubadwa masabata awiri, mayi ake akumva kupweteka." Ndinati ife sitithamanga, timadikira mwanayo akhwime. Anandiika soseji m'manja. Ndinadya, Profira. Usawauze abambo mfumu.

Kuzizira kwa kuno sikoluma ngati kwathu, n'kwachete. M'mphanga simudonthanso kanthu, zonse zauma kuti gwa, ndipo ukaima umamva magazi ako okha m'makutu.

Pali kanthu kena kamene kanachitika, ndikuuze kuti ndikachotse m'mutu. Chapakati pa mphanga pali malo pamene mboni zake n'zakale, masiku ake analemba ndi Gavril. Ndinagogodapo, panalira mgolo. Ndikutulutsa choko m'thumba, m'kati mwa khoma munalira kuti go. Kamodzi kokha, ngati munthu wagogoda chitseko ndi chala. Ndinakweza hamala kuti ndimvetse bwino, koma Onofrei anandigwira pamkono mwamphamvu, mpaka lero pali chizindikiro.

Anati, "Pamene payankha sagogodapo kawiri."

Ndinati, "Wayankha ndani, madala?"

Anati, "Iwe unabwera kudzagwira ntchito kapena kudzacheza ndi makoma? Lemba choko tizipita."

Mwezi uliwonse kumabwera injiniya kuchokera ku ofesi, mayi Lucretia, munthu wamfupi wovala chijasi cha mwamuna wake. Amalowetsa zoyezera kuzizira m'timabowo ta m'khoma kuti aone pamene chisanu chafika. Ndinawafunsa za kugogodako. Sanandiseke. Anati madzi ali kuseri kwa miyala akaundana amafufuma, monga botolo limasweka ukaliiwala panja, ndipo phokosolo ndi ayezi akung'aluka. Ndikukhulupirira, ndi munthu wodziwa ntchito yake. Chokhacho n'chakuti ayeziyo amandidikira ndigogode kaye, ndipo tsiku lililonse amayankha pamalo omwewo.

Zimene walemba zoti nyumba yakula poti watsalamo ndi amayi okha ndazimva. Inenso bedi la munthu wina sindikulizolowera. Pirira, kukayamba kufunda tidzaona zoti ubwere. Nkhumba mukapha, mwendo umodzi upite kwa mng'ono wako Zinovia, anatithandiza chaka chatha.

Serafim wako


Gura Rece, 8 Febuluwale 1998

Make Anatol,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza wamphamvu. Ine ndili bwino. Makalata athuwa akuyenda ngati akukwawa, yako yatenga masabata atatu, ndiye umvetsetse zimene ndikulembazi poti sindikhala ndi mpata wobwereza.

Zoti akazi a pachitsime akuti ndapeza wina kuno zandiseketsa mpaka milomo yatuluka magazi. Kuno akazi amene ndimawaona ndi mayi Lucretia ndi mbuzi ya Onofrei. Komabe ndamva kuti zakuwawa, ndipo ndili ndi nkhani yabwino. Ku macheka akufuna wophikira antchito. Ndawauza kuti mkazi wanga akaphika msuzi wa kabichi ngakhale odwala amadzuka, ndipo avomera kukudikira. Kanyumba kano katikwana awiri. Amayi akakhale kwa mchemwali wanga monga tinakambirana.

Tsopano za tsiku lobwera. Ndinalemba kuti ubwere kukafunda. Zimenezo uziiwale, ndinalemba ngati munthu wa kuchigwa wosadziwa mapiri. Ndinawafunsa mayi Lucretia kuti chisanu chikatha ndiye kuti mphanga yapuma? Anandiyang'ana ngati ndawafunsa ngati mimbulu imadya kabichi. Anati, "Bambo Serafim, ayezi ndi amene wakankha miyalayi, koma panopa ndi yemweyonso akuigwira. Ali ngati simenti. Tsiku loti asungunuke, miyala idzafuna chogwira n'kuchisowa." Ndinati nanga mkazi wanga akwere liti? Anati, "Kukadali kouma. Mwezi uno ngakhale amayi anga ndingawakweze. Madzi akangoyamba kudontha musandifunsenso."

Ndiye ndayang'ana pakalendala ya tchalitchi imene Onofrei anakhoma pakhoma pano. Ubwere pa tsiku la Oyera Makumi Anayi. Onofrei akuti chisanu cha kuno sichinachokepo tsikulo lisanakwane. Usapitirire tsiku limenelo, Profira, ngakhale amayi alire bwanji. Ukagone kwa Zinovia ku Ungheni, uwoloke malire, ukwere sitima ya ku Iasi, ndipo ku Valea Seaca usinthe ukwere yathu yam'mawa. Ikamalowa m'mphanga usayang'ane pawindo, kulibe choona. Ukangotuluka undipeza ndaima nditameta ndevu.

Mboni ziwiri zasweka pamalo paja, ndamatapo zina. Magalasi osweka amagwera pansi, m'miyala ya njanji, ndipo sitiwatola. Koma awa ndinawapeza atayalidwa bwinobwino pakashelefu ka khoma, chidutswa pambali pa chinzake. Ndinamufunsa Onofrei ngati ndi iye. Anati iye ndi zala zake zozizirazo angatole galasi? Tsiku limenelo sanafune kumwa tiyi kwanga.

M'kalatamu ndaikamo kaulusi kofiira ndi koyera kamene timavala pa 1 Malichi, uvale pachifuwa pobwera. Ubweretse mpeni wanga wodulira mpesa, kuseri kwa kanyumba kuli mtengo wa maapozi umene palibe anaudulirapo chimwalirireni, ndimati chichokereni Gavril.

Wako,
Serafim


Gura Rece, 10 Malichi 1998

Profira,

Ndili bwino m'thupi. Ndikupemphera kuti nawenso uli bwino ndiponso kuti kalatayi ikupeza usananyamuke.

Usabwere. Werenga mpaka pansi, koma choyamba ndi chimenecho. Usakwere sitima ya ku Valea Seaca.

Dzulo ndinameta, ndinavala malaya oyera aja, ndinakaima pa siteshoni. Sitima inatuluka m'mphanga. Anatsika amayi awiri ndi wansembe ndi munthu wonyamula mwana wa nkhosa. Ndinayang'ana m'mabogi onse, mpaka woyendetsa anandifunsa ngati ndataya nkhuku. Ndinaganiza zoipa zambiri: kuti akubweza pamalire, kuti amayi adwala, kuti mwina za pachitsime zija wazikhulupirira.

Kumudzi kunali chikondwerero. Azimayi amagawa timikate ta Oyera topaka uchi, ndipo amuna ndi ana anali m'minda ndi zibonga, akumenya nthaka monga timachitira kwathu, akuimba kuti chisanu chilowe pansi, kutentha kutuluke. Kale ndinkakonda zimenezi. Dzulo ndinkangomva nthaka ikulira pansi pa mapazi anga n'kumaganiza za denga lija.

Onofrei anandipeza nditakhala pabenchi kamkate kali m'manja. Anati, "Mkwati, mkwatibwi ali kuti?" Ndinati sindikudziwa, ndinamulembera bwinobwino kuti abwere pa Oyera Makumi Anayi. Anati, "Oyera ake ati? Athu, kapena anu ochedwa aja?"

Profira, pomwepo ndinaona chimene ndinalakwitsa. Pokulembera muja ndinayang'ana kalendala ya kuno, imene imaika Oyera pa 9, n'kulemba dzina la tsiku osalemba nambala. Iwe ukuwerenga ya tchalitchi chathu. Kwa iwe Oyera ndi pa 22. Miyezi inayi yokha ndakhala kuno ndipo ndaiwala masiku a kwathu, ine amene ndinkamuseka Onofrei za Khirisimasi. Iwe sunalakwe kanthu, ukuchita zimene ndinakuuza.

Ndatumiza lamya ku positi ya kwathu. Mayi wa positi ya kuno akuti waya wa kumeneko sakuyankha, ndipo ndikudziwa mmene msewu wathu umakhalira mwezi uno, ngakhale ngolo ya Trifan imamira mpaka m'chiuno. Ndiyesanso mawa.

Lero m'mawa tikulowa m'mphanga mphepo inali yofunda, yochokera kummwera. Tili chapakati Onofrei anaima n'kukweza chala. Ndinamva dontho. Linagwa, kunakhala chete, linagwanso. Chiyambire Disembala sindinamve madzi mmenemo.

Ukhale kunyumba mpaka ndidzakulembere nambala. Ntchito ya kuphika ikapita ipite. Ngati wagulitsa kale nkhuku usadandaule, tidzagula zina.

Serafim


Gura Rece, 17 Malichi 1998

Kwa Profira, kudzera kwa Zinovia ku Ungheni.

Mlamu Zinovia, moni, ndikhulupirira ana ali bwino. Mkulu wako akafika kwanuko umupatse iyi asanavule nsapato, ndipo umubisire chikwama ngati akakamira.

Profira, ndili moyo koma sindikudya bwino. Ndalemba kunyumba, ndatumiza lamya kawiri, palibe yankho. Sindikudziwa ngati uli kunyumba kapena panjira.

M'mphanga tsopano mukugwa mvula. Masana kumasungunuka, m'bandakucha kumaundananso, ndipo mayi Lucretia akuti zimenezo ndiye zoipitsitsa, chifukwa mwala umakankhidwa n'kusiyidwa, kukankhidwa n'kusiyidwa. Pamalo paja mboni ndikamata lero, mawa ndimapeza yasweka. Mayiwo anabwera Lachisanu, anaima pansi pake nthawi yaitali nyali ili m'mwamba, ndipo potuluka anasanza m'chipale chofewa. Alembera akuluakulu a kampani kuti atseke. Yankho labwera lakuti adzatseka Pasaka ikapita, poti matabwa ali ndi oda ndipo msewu wa pamwamba pa phiri sunatseguke. Chimene alola n'chakuti sitima izidutsa pang'onopang'ono. Onofrei anati, "Zikomo kwambiri, kuti anthu akhalitse pansi pake."

Dzulo ndinaimitsa sitima ndi mbendera yofiira. Anabwera kapitawo wa kampani. Anati, "Pali mwala panjanji?" Ndinati palibe, koma ugwa. Anati, "Iwe ndiwe mneneri kapena woyenda m'mphanga? Lamulo likuti sitima imaima pakakhala chinthu panjanji. Ukadzabwerezanso ndidzang'amba pepala lako la ntchito, ukalosere kwanu kutsidya kwa Prut." Sitima inadutsa anthu akundiyang'ana pamawindo. Za pepalalo sindikuopa. Chimene ndaphunzira n'chakuti mbendera yokha imangochedwetsa sitima, siibweza.

Madzulo ake Onofrei anabwera ndi kabotolo ka kachasu wa mapulamu, n'kukhala pabedi, chinthu chimene sanachitepo. Anandiuza za Gavril osafunsidwa. Chinali chaka chofunda msanga ngati chino. Gavril ananena, analemba, anaimitsa sitima, anamutcha chidakwa. Tsiku lina m'mawa analowa yekha. Onofrei ali pakhomo anamva hamala kamodzi, kenako kachiwiri, kenako phiri linatsokomola fumbi. Sitima inaima pakhomo la kummawa itadzaza ana a sukulu opita kukaimba kutauni. M'mapepala analemba kuti munthu woledzera anagogoda malo ofooka mosasamala.

Ndinafunsa kuti anamuika kuti. Anati anangopeza hamala yokha. Pomanganso khomalo anafulumira, poti matabwa anali ndi oda.

Ndinati, "Ndiye amene amayankha uja..." Anandidula. Anati, "Ayezi. Injiniya wanena kuti ndi ayezi. Imwa."

Zinovia, chonde, umugwire.

Serafim


Gura Rece, 21 Malichi 1998

Profira wanga,

Moni. Ndili bwino, ndasamba, ndadya mamaliga, nsima yathu ya chimanga ija, ndi tchizi. Ngati ukuwerenga iyi ndiye kuti makalata ena onse sanakupeze, ndipo mdala wa ndevu zoyera amene wakupatsayu ndi Onofrei. Umukhulupirire. Amanyoza koma ndi munthu.

Mawa iye akaima pakhomo la kummawa ndi mbendera, mbali imene sitima yako idzafikire. Ine ndilowa kuchokera kuno. Lamulo lawo likufuna chinthu panjanji, ndiye ndikukaona ngati chilipo. Ndidzaima chammbali, ndipo miyendo yanga ukuidziwa, paja bambo ako sanandigwire tsiku lija m'munda wa mavwende.

Mayi Lucretia sakudziwa kanthu, asawavutitse. Onofrei anandiletsa, anatukwana, kenako anapempha mbendera.

Malipiro anga a mwezi uno ali ku ofesi ya ku macheka. Jasi labwino lili kuseri kwa chitseko, likhale la Anatol. Mpesa wa kumtunda uja chaka chino usausiyire nthambi zambiri, unatopa chaka chatha.

Ndakusowa kwambiri miyezi yonseyi, ndipo sindinalembe mokwanira poopa kuti Trifan amatsegula makalata. Atsegule iyi ngati akufuna.

Serafim


Gura Rece, 24 Malichi 1998

Mkazanga,

Ndili moyo. Zilembo zapendama chifukwa ndikulemba ndi dzanja lamanzere, lamanja alimanga ndi timatabwa, ndipo khutu limodzi likungolira. Kwina konse ndili bwino. Onofrei wandiuza pa foni ya njanji kuti uli kwa mlongo wake ku Valea Seaca, kuti unawerenga kalata ija uli chiimire panjanji, ndipo unamumenya nayo kumaso. Akuti ndinamunamiza kuti ndinakwatira munthu wofatsa. Iyi akubweretsera anthu odula mitengo amene akudutsa pamwamba pa phiri wapansi.

Apolisi abwera kawiri ndi kapitawo uja. Funso lawo ndi limodzi, loti ndinagogoda kangati. Ndawauza kuti kamodzi, monga mwa ntchito. Wapolisi anafunsa ngati pali mboni. Mayi Lucretia anali pomwepo, ndipo anati, "Zinalipo zambiri, bwana. Zonse zinasweka, ndipo ndinakulemberani." Wapolisiyo sanamve, koma kapitawo anamva, anayang'ana pansi. Ntchito yandithera, zimenezo n'zoonekeratu. Ngati kuli mlandu tidzaumva.

Iwe ndikuuza mmene zinalili, ndipo usadzauze munthu, ngakhale abambo mfumu.

Ndinafika pamalopo madzi akuyenda m'khoma ngati m'ngalande. Magalasi a dzulo lake anali atayalidwa pakashelefu paja. Ndinagogoda kamodzi. Panayankha. Ndinakweza hamala, Profira, ndipo mkono unakana. Ndinaima choncho ngati chitsiru, ndikulira, ndikuganiza za bedi lachitsulo lija ndi munthu wina amene adzabwere kudzagonapo n'kupatsidwa hamala yomweyi. Ndinachita mantha, ndisakunamize. Kenako njanji inayamba kunjenjemera pansi pa nsapato, ndipo kutali ndinamva sitima yako ikuliza pokwera chitunda.

Ndinalankhula. Sindikudziwa chifukwa chake. Ndinati, "Achimwene, mkazi wanga ali mmenemo."

Kugogoda kwachiwiri sikunali kwa chala ngati masiku onse. Kunali kwa chitsulo pamwala, kolimba, kwa munthu wodziwa pomenya, ndipo kunachokera m'kati. Hamala yanga inali idakali m'mwamba. Dothi linayamba kuthothoka, ndinaitaya n'kuthamanga, mwala umodzi unandipeza padzanja, ndipo denga litagwa kumbuyo kwanga mphepo yake inandiponya pansi chakufupi ndi khomo.

Onofrei akuti ali kunjako anamva hamala kawiri, ndipo akuti ndisamuuze zina, wakalamba. Mayi Lucretia akuti ayezi akamasweka komaliza amatha kulira ngati chitsulo. Mwina n'zoona. Anthu amene ayamba kuchotsa miyala mbali ino apeza hamala dzulo, ili pakashelefu paja, mpini uli wouma. Anandibweretsera, ndinawauza kuti si yanga. Ndawapempha mayi Lucretia kuti pokumba afike mpaka kuseri kwa khoma lakale, ndipo akapeza kanthu aitane wansembe. Sanandifunse kuti kanthu kanji, anangolemba.

M'kanyumba muja sindikugonamonso, ndili kwa mlonda wa ku macheka. Mtengo wa maapozi uja ndiusiya choncho, mpeni usautulutse m'chikwama.

Usayese kukwera phiri, chipale chofewa cha pamwamba n'chonyenga mwezi uno. Khala pomwepo, udye, uwathandize ntchito eni nyumba. Odula mitengo akuti andiperekeza akamabwerera ulendo wina, ndipo tikatero tizipita kwathu, mpesa ukudikira kufukulidwa. Ndifika Lachinayi, pa 26 Malichi. Ndalemba nambala, uione bwino: 26.

Ndine mwamuna wako,
Serafim